Hooke tinamusiya pa bolodi, venda akukolola pa sikelo

Anzanga aphunzitsi, ndi inu nonse amene munakhalapo pa desiki ine nditaima kutsogolo ndi choko, lero ndabwera ndi mlandu. Woyamba kuzengedwa ndi ine ndemwe, koma musafulumire kuseka, chifukwa pomaliza mupeza kuti dzina lanu nalo lili pa chisamani.

Nthawi ya nandolo yapitayi ndinaperekeza azakhali anga kumsika wina wa pakati pa Liwonde ndi Ntaja. Anali ndi matumba atatu, thukuta la chaka chonse, ndipo ndalama yake inali itagawidwa kale isanafike m'manja: fizi ya mdzukulu wawo wamkazi, malata awiri otseka pamene pakudontha, yotsalayo sopo ndi mchere. Mdzukulu wina wamwamuna, amene anali atangolemba kumene MSCE, ndiye anakankha njinga. Pansi pa mtengo wa mango panali sikelo ija mukuidziwa, yozungulira ngati wotchi, yopachika pa nthambi, ili ndi ngowe kunsi. Thumba lisanakwere n'komwe ndinaona kuti muvi wake sunaloze pa 0. Unali utagona kumbuyo, pafupifupi makilogalamu 2. Ndiye kuti thumba lililonse limayamba labweza ngongole ya makilogalamu 2 imene silinakongole, kenako ndiye n'kuyamba kuwerengedwa.

Nditakweza maso kuti ndione mwini sikelo, ndinapeza kuti ndi mwana wanga wa m'kalasi, amene ndinamuphunzitsa zaka zingapo zapitazo, ndipo sanali wa kumchira ayi, ankakhoza bwino. Anavula chipewa n'kundipatsa moni mwaulemu wonse. Nditamulozera muviwo anaseka pang'ono n'kunena kuti, "Aphunzitsi, sikeloyi yangotopa, sipuling'i yake ndi yakale." Azakhali anandikoka malaya. "Zisiyeni aphunzitsi, mukufuna tibwerere naye nandoloyu akadyedwe ndi anankafumbwe?" Mnyamatayo anapotokola kasikuluwu, muvi unabwerera pa 0, matumba atatuwo anayezedwa bwino chifukwa ine ndinali pomwepo. Nanga amayi amene anayezetsa m'mawa ife tisanafike, ndi amene anabwera ife titachoka, anali ndi mphunzitsi wa Physics pambali pawo?

Chimene chandisowetsa tulo si mnyamata wa sikeloyo yekha. Ndi mdzukulu wokankha njinga uja. Mwanayu amatha kulakatula lamulo la Hooke osapuma, galafu yake amajambula ndi rula mowongoka bwino, koma anaima pamaso pa sipuling'i yeniyeni, imene ikudya fizi ya mlongo wake, osaona kanthu. Pansi pa mango paja panali ana athu awiri. Wina anatenga zimene tinamuphunzitsa n'kupanga nazo chonamizira. Winayo sanadziwe n'komwe kuti zimene tinamuphunzitsa zili ndi ntchito kunja kwa chipinda cha mayeso. Onsewo anatuluka m'manja mwathu.

Tiyeni tiyambe ndi chonamizira chija, chifukwa muli choonadi pang'ono, ndipo bodza lotere ndi limene limavuta kugwira. Kodi sipuling'i imatopa? Inde, imatopa. Robert Hooke wa ku England, polengeza lamulo lake mu 1678, anaonetsa kuti sipuling'i imatamuka molingana ndi mphamvu imene ikuikoka: ukawirikiza katundu, kutamuka nako kumawirikiza. Sikelo yopachika yatsamira pamenepo. M'kati mwake muli masipuling'i, kachitsulo ka mano ndi kagiya kozunguza muvi, basi. Koma lamuloli lili ndi malire ake, aja timawalemba pa galafu kuti elastic limit ana n'kuloweza. Ukapachika katundu woposa mphamvu yake, kapena ukamagwetsera thumba pa ngowe mwankhanza m'malo molitsitsa pang'onopang'ono, sipuling'i imatamuka osabwereranso pakale. Tengani kasipuling'i ka m'bolopeni mukakoke kwambiri, muona nokha.

Kutopa kwachiwiri n'kobisika, koma aliyense amene anapangako galimoto ya mawaya ali mwana amakudziwa. Ukasowa pulayala, waya umaupindira uku, kuupindira uko, mobwerezabwereza, mpaka utenthe n'kuduka. Palibe kupinda kumodzi kumene kukanaudula pakokha. Chimachitika n'chakuti pamene pali kachilema, kaya pokalika kaya podyeka ndi dzimbiri, pamayamba kamng'alu kosaoneka ndi maso. Katundu akakwera n'kutsika kamng'aluko kamakula, mpaka tsiku lina chitsulo chimathyoka ndi katundu yemweyo amene dzulo chinanyamula popanda vuto. N'chifukwa chake sipuling'i ya lole imathyokera pa bampu yaing'ono dalaivala n'kumadabwa, ndipo chishalo cha njinga ya kabaza chimayamba kupendekera mbali imodzi. Chitsulo cha lole chija mapeto ake timakachipeza kwa osula zikwanje.

Anzathu kunja anaphunzira zimenezi ndi maliro. Pa 8 Meyi 1842 sitima yochokera ku Versailles kupita ku Paris inachita ngozi chitsulo cholumikiza mawilo a injini chitathyoka, ndipo anthu oposa 50 anafa. Patapita zaka, injiniya wa njanji wa ku Germany, August Wöhler, anathera zaka za m'ma 1850 ndi 1860 akuchita chinthu chimene ambiri a ife tikanati n'kutaya nthawi. Anapanga makina opinda ndi kuzunguza zitsulo mobwerezabwereza, iye n'kumawerenga kuti chitsulo chathyoka pa ulendo wachingati. Anapeza kuti katundu akakula chitsulo chimafa msanga, akachepa chimakhalitsa, ndipo pali mlingo wina umene chitsulo cholimba chimapirira maulendo mamiliyoni osathyoka. Kuchokera pamenepo, fakitale yodzilemekeza singoganizira za moyo wa sipuling'i, imauyeza. Amapatula zitsanzo, n'kuziika m'makina ozifinya ndi kuzimasula maulendo masauzande ambirimbiri, kenako n'kuyeza ngati utali ndi mphamvu yake zasintha, kapena kudikira mpaka zithyoke kuti adziwe pamene pali malire.

Ndipo sayeza tsiku lopanga lokha. M'mafakitale omanga magalimoto ndi ndege muli sipanala ina yotchedwa torque wrench, imene m'kati mwake muli sipuling'i. Bawuti likathina kufika pa mlingo woyenera imalira kuti kha, womanga n'kusiyira pomwepo. Muyezo wa mayiko onse wa ISO 6789 umati sipanala yotereyi, ngati mwini wake alibe ndondomeko ina yakeyake, iziyezedwanso pakatha miyezi 12 kapena ikagwira ntchito maulendo 5,000. Tamvani zimenezo. Chida chodula, chosungidwa m'bokosi, chosanyowa ndi mvula, komabe sachikhulupirira kupitirira chaka. Kwathu konkuno, mukadzaima pa Nkaya kapena pa Liwonde sitima ya malasha ochokera ku Moatize ikudutsa kupita ku Nacala, mudzayang'ane kunsi kwa mabogi, mudzaona masipuling'i onenepa atasenza katundu yense uja. Palibe njanji imene ingayendetse katundu wotere pa masipuling'i ongoganizira.

Tsono sikelo ya pansi pa mango ija, imene imagona m'fumbi, imanyowa, imagwa pa njinga, imapachikidwa matumba kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kulowa, inayezedwa liti? Anaiyeza ndani? Ndi mwala wanji? Bawuti la ndege ndi lofunika, sindikukana. Koma kwa azakhali anga, muvi wa sikelo ija ndi umene ukugamula ngati mwana apitiriza sukulu kapena abwezedwa kunyumba.

Tsopano nali funso limene ndinayenera kumufunsa mwana wanga uja, ndipo ndikulifunsa pano poti ndikudziwa kuti ena a inu mumagwira ntchito yomweyo. Sipuling'i ikatopa, imapweteka ndani? Imene yatamuka mopitirira malire imasiya muvi kutsogolo kwa 0, osati kumbuyo, ndiye kuti imamuonjezera mlimi makilogalamu. Sikelo ya masipuling'i awiri, imodzi ikathyoka, yotsalayo imatamuka kwambiri, muvi n'kuwerenga zochuluka. Fumbi ndi dzimbiri pa giya zimachititsa muvi kukakamira usanafike pake, apo ndiye mlimi amaluza. Mukuona kuti chitsulo chilibe mbale. Sichidziwa kuti uyu ndi venda, uyu ndi mlimi. Chikatopa chimalakwira uku ndi uko. Nanga bwanji masikelo otopa a nthawi yokolola amatopera mbali imodzi? Ndani wa inu anamvapo mlimi ku Ulongwe kapena ku Phalula akudabwa kuti sikelo yamupatsa makilogalamu oposa amene anabweretsa? Sikelo yowerenga zochuluka sikhalitsa pa nthambi mu Meyi. Mudzaifune mu Januwale, pamene mlimi yemweyo akubwera ndi kajumbo kudzagula chimanga chimene anagulitsa yekha.

Kutopa kosankha mbali si kwa chitsulo, ndi kwa mwini chitsulo. Ndipo njira zake si zamatsenga, zonse zili m'mabuku athu. Kubweza muvi kumbuyo ndi zero error ija timafunsa chaka ndi chaka. Kuwerenga sikelo utaima chapambali kuti 48 aoneke ngati 47 ndi parallax. Kutsamiritsa thumba pa bondo, kapena kusiya ngodya yake ikukhudza pansi, ndi nkhani ya mphamvu ziwiri zogawana katundu mmodzi. Kudula kilogalamu yathunthu ati ya thumba, pomwe thumba lopanda kanthu silikwana ngakhale theka la kilogalamu, amenewo ndi masamu a ku pulayimale. Tiyeni tiwerengere limodzi. Makilogalamu 2 pa thumba la 50 ndi 4 pa 100 aliwonse. Wogula amene wayeza matumba 25 pa sikelo yotere wapeza thumba lathunthu limene sanalime, sanapalire, sanagule.

Wina anena kuti, aphunzitsi, vuto la mlimi ndi mtengo, osati sikelo. Mtengo ndi vuto, zoona. Alimi a nandolo sanaiwale 2017, pamene dziko la India linaika malire pa nandolo wolowa kwawo, mtengo kuno n'kugwa mochititsa manyazi. Koma zimene zimagamulidwa ku New Delhi mlimi wa ku Nsanama sangazisinthe, ndipo ine ndi choko changa sindingazisinthe. Sikelo ili pamphuno pathu. Komanso boma likalengeza mitengo yoyambira kugulira mbewu, monga limachitira nyengo ya kukolola ikafika, mtengowo ndi wa pa kilogalamu. Kilogalamu ikakhala yabodza, mtengo wa boma nawo wasanduka wabodza. Venda akhoza kukulipira ndalama yeniyeni imene yalengezedwa pa wailesi, koma n'kukubera bwinobwino iwe ukuthokoza.

Lamulo lilipo. Bungwe la Malawi Bureau of Standards, limene linakhazikitsidwa mu 1972, ndi limene lili ndi udindo woyeza masikelo a malonda, ndipo sikelo yogulira kapena kugulitsira imayenera kukhala yoyezedwa ndi kupatsidwa chizindikiro. Ine ndikufuna oyezawo azioneka m'misika ya kumudzi nthawi ya thonje, ya mpunga ndi ya nandolo. Ndikufunanso makhonsolo a Machinga ndi Balaka, amene amatolera ndalama za ziphaso m'misika, asamapereke malo kwa wogula mbewu amene sikelo yake ilibe chizindikiro. Koma tisanamizane. Masikelo opachikidwa m'mitengo kuyambira ku Utale mpaka ku Nayuchi ndi ochuluka kuposa oyeza amene boma lililonse lingalembe ntchito, ndipo kasikuluwu kamapotokoka ndi chala fumbi la galimoto ya oyeza lisanathe. Chizindikiro chimanena za tsiku limene sikelo inayezedwa. Za lero angazinene ndi munthu amene waima pamenepo, wodziwa poyang'ana. Munthu ameneyo tinayenera kumupanga ndi ife.

Ndiye tafika pa mlandu wathu. Kodi phunziro la masipuling'i timaliphunzitsa bwanji? Timalowa m'kalasi, timajambula sipuling'i pa bolodi ngati mano a sowo, timalemba tebulo la manambala ochokera m'buku, ana amakopera, amajambula mzere wowongoka, ife timachonga. Manambala a m'buku salakwa. Muvi wa m'buku nthawi zonse umayambira pa 0. Sipuling'i ya m'buku sichita dzimbiri. Mwana amatuluka akuganiza kuti chida choyezera chili ngati chigamulo cha mfumu, sichitsutsidwa. Ine ndaphunzitsa choncho zaka zambiri, kuyambira masiku a Physical Science mpaka pano pamene Physics yaima payokha, ndipo ndinkadziguguda pachifuwa ana akakhoza funso limeneli. Phunziro lalikulu la sayansi, loti chida chilichonse chimalakwa ndipo uyenera kuchiyesa usanachikhulupirire, ndinkalidumpha chifukwa ndinkati lilibe malikisi.

Mayankho ndikuwadziwa, ndawamva m'chipinda cha aphunzitsi ndipo ena ndinawayankhulapo ndekha. Loyamba ndi lakuti tilibe labu. Zoona, ma CDSS ambiri alibe labu, ndipo kumene iliko mwina masipuling'i ake anatamuka kalekale. Sindikuchepetsa vuto limenelo. Koma pa phunziro ili lokha, kusowa labu si chifukwa. Lita imodzi ya madzi imalemera kilogalamu imodzi. Mjigo uli pasukulu kapena pafupi. Mabotolo ndi zigubu zili m'nyumba iliyonse. Paketi ya shuga yosatsegula ndi kilogalamu imodzi, thumba la feteleza kapena la simenti losatsegula ndi makilogalamu 50. Miyala yoyezera tili nayo, kungoti sitinaione. Sikelo yopachika imabwerekeka, ndipo ikakhala yakale ndiye bwino koposa, chifukwa ndi imene ili ndi zoti iphunzitse.

Lachiwiri ndi lakuti silabasi ndi yaitali. Ndi yaitalidi, koma ine ndikupempha mapiriyodi awiri okha. Mwana amene wagwira sikelo ndi manja ake n'kuona muvi ukunama sadzaiwalanso zero error, ndipo malikisi amene mukuwadera nkhawawo adzawapeza mosavuta kuposa woloweza.

Nachi chimene ndinachita sukulu zitatsegulira, mochedwa koma bola. Ndinabwereka masikelo awiri kwa makolo, tinawapachika pa mtengo kuseri kwa kalasi ya Fomu 4. Choyamba, aliyense anayang'ana muvi sikelo ilibe kanthu. Kenako tinapachika ndowa yopanda madzi n'kulemba kulemera kwake. Tinathira madzi malita 5, kulemba, ena 5, kulemba, mpaka 20. Madziwo tinkayeza ndi botolo limodzi limene tinalitsimikizira, chifukwa chigubu cholembedwa malita 20 ukachidzaza mpaka pakamwa chimapitirira. Titafika pamwamba tinayamba kuchotsa, malita 5 pa ulendo, kuti tione ngati manambala obwerera akufanana ndi okwera, komanso ngati muvi ubwerera pamene unayambira. Tinabwereza kangapo, owerenga akusinthana, wina ataima kutsogolo, wina dala chapambali. Mphini yobwereza ndiyo imawala. Sikelo imodzi inayenda mokhulupirika. Inayo inkakakamira pokwera, ukaigogoda ndi chala muvi n'kudumphira kutsogolo.

Mtsikana wina amene chaka chonse sanakwezepo mkono anafunsa kuti, "Aphunzitsi, ndiye kuti amayi akamagulitsa mpunga azinena kuti agogode kaye sikelo?" Ndinati inde, ndipo aziyamba ayang'ana muvi thumba lisanakwere. Funso limenelo palibe pepala la mayeso limene linandipatsapo.

Piriyodi yachiwiri tinatenga waya umodzi n'kuudula zidutswa zofanana. Gulu lina linkapinda pang'ono, lina kwambiri, lina linayamba lakala waya wake ndi tupa, onse akuwerenga mokweza mpaka waya uduke. Opinda kwambiri anamaliza msanga, a waya wokalidwa nawo sanachedwe, opinda pang'ono anatopa manja waya usanatope. Zimene Wöhler anapeza ndi makina ake anazipeza ana a pa Machinga ndi zala zawo, popanda kugula kalikonse. Tsopano akamva munthu akuti chitsulo chatopa amadziwa kufunsa kuti chatopa motani, ndipo chikulakwira mbali iti.

Ena akuti tingogula masikelo a manambala, nkhani ithe. Sikelo ya manambala nayo ili ndi sipuling'i, yangobisala. M'kati mwake muli kachitsulo kamene kamapindika pang'ono katundu akakwera, ndipo timawaya tomatidwa pamenepo timasandutsa kupindikako kukhala chizindikiro cha magetsi. Ndi Hooke yemweyo wavala suti. Ukaisenzetsa mopitirira imapunduka, ukaiika popendekeka imanama, ndipo ili ndi mabatani amene wodziwa amasinthira mawerengedwe ake. Kuopsa kwake n'kwakuti anthu amaopa manambala owala kuposa muvi. Nayonso imafuna mwala woyezera.

Ena akuti alimi nawo amaba, amawaza madzi thonje, amaika mchenga ndi timiyala m'matumba. Zimachitika, ndipo n'zoipa, sindiikira kumbuyo. Koma taonani mmene msika umayendera. Venda amapisa dzanja m'thumba, amabaya ndi chitsulo, amakhuthulira pansi kuti aone za kunsi, ndipo palibe amene amati wachita chipongwe. Mlimi akangopempha kuti tiyese sikelo, ndiye akuti wamwano, tenga katundu wako uzipita. Ngati wogula ali ndi ufulu woyesa katundu, wogulitsa ali ndi ufulu woyesa sikelo. Apo pokha ndi pamene tingati ndi malonda.

Ena akuopa kuti tituma ana kukayambana ndi anthu a ndalama. Nkhawa imeneyi ndi yomveka, ndipo azakhali anga pondikoka malaya sanalakwe: wosauka akakangana ndi wogula mmodzi yekha amene ali pamsika, amabwerera ndi katundu wake. N'chifukwa chake sindikunena kuti mwana aziima yekha. Chala chimodzi sichiswa nsabwe. Sukulu iliyonse ikhoza kukonza chigubu cha mchenga wouma cholemera makilogalamu 20 enieni, chomatidwa pakamwa, n'kuchipereka kwa komiti ya msika, kwa mfumu kapena ku kalabu ya alimi. Tsiku la msika, sikelo iliyonse iyambe yanyamula chigubucho anthu akuona. Chigubu chotere sichilowa m'malo mwa oyeza a boma, ndipo sichingagamule mlandu ku khoti, koma makilogalamu 2 osowa chiwaonetsa poyera. Venda woona mtima, ndipo alipo ambiri, sataya kanthu. Alimi adzadziwa mtengo wa mango woyenera kupitako.

Chondimvetsa chisoni n'chakuti nkhaniyi siyachilendo m'makutu mwathu. Kuno ena timapita ku mzikiti Lachisanu, ena ku tchalitchi Loweruka kapena Lamlungu. Buku la Miyambo mutu 11 limadzudzula sikelo yonyenga, Sura 83 ya Qur'an nayo imadzudzula opungula muyezo. Timamva, timagwedeza mitu, Lolemba chala chili pa kasikuluwu. Abusa ndi mashehe anena mbali yawo. Mbali yotsala, yoonetsa munthu pamene bodzalo labisala, ndi ya ife a choko.

Ndikudziwa chimene chimatitseka pakamwa. Khoswe akakhala pa mkhate sapheka. Wogwira sikeloyo ndi mwana wathu, mphwathu, mlamu wathu, ndipo nthawi zambiri sikelo si yake, ndalama si yake, iye amangolandira kangachepe kuchokera kwa bwana wa lole amene sitimuona. Ntchito kulibe, tonse tikudziwa. Koma amayi amene akuyezetsa thumba limodzi lija nawonso ndi amayi a winawake wa m'kalasi mwathu. Tikakhala chete pomvera chisoni mwana mmodzi, tikubweza ana ena kunyumba chifukwa cha fizi.

Anzanga aphunzitsi, yesani phunziroli teremu ino, ndipo mudzandiuze zimene masikelo a kwanu aonetsa, ngakhale zitatsutsana ndi zanga. Mukapeza kuti ndalakwitsa penapake, nenani, wakutsina khutu ndi mnansi. Inu amene munadutsa m'manja mwanga, kaya muli ku Blantyre, ku Lilongwe kapena ku Johannesburg, mukamaimba foni kumudzi musamangofunsa kuti mwagulitsa pa mtengo wanji. Funsani ngati anayang'ana muvi thumba lisanakwere.

Ndipo iwe mwana wanga wa pansi pa mango, dzina lako sindinatchule ndipo sindidzalitchula. Unati sikelo yako yatopa. Mwina ukunena zoona. Bwera nayo kusukulu Lachitatu masana, ana a Fomu 4 akuyezera ulere, ndowa ndi madzi tili nazo. Ikapezeka yotopa, tidzakulembera papepala kuti ikulakwa ndi makilogalamu angati ndipo mbali iti, kuti uzidziwa pogula. Ikapezeka yabwino, tidzakhala pansi awiriwiri, ine ndi iwe, tibwereze phunziro limene ndinakuphunzitsa theka.